Jekete yolowa madzi: kusumira pa walanti kapena pa phindu losayenera m'makhoti a ku America

Mlamu wanga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Indiana anagula jekete ya nyengo yozizira pa madola 180. Pa kapepala kolendewera kumkono panalembedwa kuti siyilowa madzi. Chipale choyamba cha Disembala chitasungunukira pamapewa, malaya a m'kati ananyowa mpaka kumsana. Anangoiponya m'kabati n'kumang'ung'udza, monga timachitira ife amene tinakula tikuwerenga m'masitolo kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Patapita chaka ndi miyezi, analandira imelo yomuuza kuti pali mlandu wa gulu pa majekete omwewo. Anatsegula chikalata cha madandaulo, nachiona kutalika, n'kundiimbira.

"Alamu, jekete ndi imodzi koma milandu alemba isanu ndi umodzi. Wina akuti breach of express warranty, wina akuti unjust enrichment. Kodi si nkhani imodzi yomweyo, yoti anatinamiza?"

Bodza ndi limodzi, zoona. Koma khoti limafunsa mafunso osiyana pa milandu iwiriyi. Pa woyamba limafuna kudziwa chimene wogulitsa analonjeza ndi chimene inu mwataya lonjezolo litasweka. Pa wachiwiri limayang'ana m'thumba mwa wogulitsa n'kufunsa ngati ndalama zili m'menemo zikuyenera kukhalamo. Ine ndimaona kuti woyambawo ndiwo umanyamula katundu, wachiwiriwo umangoperekeza, ndipo nthawi zambiri umabwerera panjira. Komabe alipo masiku amene woperekezayo ndiye amatsala yekha.

Lonjezo la wogulitsa

Tikamva za walanti timaganiza za kakhadi kaja timakapeza pansi pa katoni. Lamulo limapita patali kuposa apo. Lili mu Uniform Commercial Code, malamulo a malonda amene anatuluka koyamba mu 1952, ndipo gawo lake la kugulitsa katundu limagwira ntchito m'zigawo zonse za America kupatula Louisiana. Ndime 2-313 imati wogulitsa akanena chinthu chotsimikizika chokhudza katundu, akalonjeza, akamufotokoza mmene alili, kapena akakuonetsani chitsanzo, ndipo zimenezo n'kukhala mbali ya zomwe mwagwirizana pogula, walanti yabadwa kale. Safunika kutchula mawu oti walanti, safunikanso kukhala ndi cholinga chopereka walanti. Kapepala ka pa jekete kaja ndi kokwanira.

Mu 1975 khoti lalikulu la California linaweruza mlandu wa Hauter v. Zogarts. Panali kachipangizo kophunzirira gofu, dzina lake Golfing Gizmo, ka mpira womangiriridwa kuchingwe. Pa katoni analemba kuti n'kosaopsa m'pang'ono pomwe, mpira sungamenye wosewera. Unamenya mnyamata wa zaka 13 m'mutu, navulala kwambiri. Opanga anayesa kunena kuti mawu aja kunali kungokometsa malonda, koma khoti linakana: kunena kuti mpira sumenya munthu ndi chinthu choti chikhoza kuyesedwa n'kupezeka choona kapena chabodza.

Malire ake ali pomwepo. Wamalonda akati nsapato zake ndi zabwino koposa padziko lonse, kapena khofi wake ngwokoma kosaneneka, palibe jaji angakumvereni. Ndime yomweyo imanena kuti maganizo a wogulitsa ndi kutamanda katundu wake si walanti. Koma "siyilowa madzi", "thonje lokhalokha", "batire imakhala maola 10", amenewo ndi mawu ogwirika. Anthu amaseka mlandu wa Red Bull wa mu 2014 ngati kuti ogula anadandaula kuti sanamere mapiko monga zotsatsa za chakumwachi zinkanenera. Dandaulo lenileni linali loti kampaniyo inkanena kuti chakumwacho chimapatsa mphamvu ndi tcheru kuposa zimene kapu ya khofi ingapereke. Inavomera kulipira madola 13 miliyoni popanda kuvomera kulakwa.

Ubwino waukulu wa njira iyi ndi woti simufunika kuonetsa kuti wogulitsa ananama dala. Kaya iyenso sankadziwa kuti jekete imalowa madzi, izo n'zake. Ndipo m'zigawo zina simufunikanso kutsimikiza kuti munadalira mawuwo pogula. Mu mlandu wa Keith v. Buchanan wa mu 1985, munthu anagula boti limene kabuku kotsatsira kanati ndi lotha kuyenda panyanja yaikulu. Ogulitsa anati iye anabwera ndi anzake odziwa maboti amene analiyendera asanagule, choncho sanadalire kabukuko. Khoti la apilo la California linati mawu a wogulitsa amatengedwa kuti ndi mbali ya malonda, ndipo ndi wogulitsayo amene ayenera kuonetsa kuti sizinali choncho. Zigawo zina n'zouma pang'ono, zimafuna kuti wogula anene kuti anaona mawuwo asanatulutse ndalama.

Nanga ngati jekete munagula musitolo, koma lonjezo linalembedwa ndi fakitale imene simunaionepo? Kale zimenezi zinkapha mlandu, chifukwa lamulo linkati usumire amene unagwirizana naye. Mu 1932 khoti la Washington linayamba kugwetsa khoma limeneli pa mlandu wa Baxter v. Ford Motor Co.: mabuku otsatsira anati galasi lakutsogolo silimwazika, kamwala kanaligunda, kachidutswa kanamuchotsa diso woyendetsa. New York inatsatira mu 1962 pa mlandu wa Randy Knitwear, wokhudza nsalu zimene ankati sizifwanyata zikachapidwa. Lero makhoti ambiri amalola kusumira fakitale pa mawu a palebulo ndi m'zotsatsa, ngakhale kuti si onse.

Pamene anthu amagwera

Msampha woyamba ndi umene mlamu wanga anagweramo osadziwa, tsiku lija anatseka kabati. Ndime 2-607 imati wogula akaona vuto azidziwitsa wogulitsa m'nthawi yoyenera, apo ayi wataya chithandizo chonse. Lamulo silitchula masiku. Cholinga chake n'choti wogulitsa apatsidwe mpata wokonza kapena kubweza ndalama nkhani isanafike kukhoti, ndipo majaji ena amaumirira zimenezi mopanda chisoni. Pa mlandu wa Alvarez v. Chevron mu 2011, oyendetsa galimoto anadandaula kuti akalipira petulo wokwera mtengo, choyamba chimatuluka ndi petulo wotchipa wotsalira m'paipi kuchokera kwa amene anathira iwo asanabwere. Kalata yodziwitsa anaitumiza nthawi imodzi ndi samani. Khoti la apilo la Ninth Circuit linati kudziwitsa kotero n'kopanda ntchito, popeza sikupereka mpata wokambirana. Ku Illinois, mlandu wa Connick v. Suzuki wa mu 1996 unanena kuti samani payokha imakwanira ngati chidziwitso pokhapokha wogula atavulala m'thupi. California imapeputsako lamuloli kwa ogula amene akusumira fakitale imene sanagulane nayo maso ndi maso, koma ine sindingaike madola anga pa chifundo chimenecho pamene imelo ya mizere isanu ikhoza kutseka nkhani yonse.

Wachiwiri ndi nthawi. Ndime 2-725 imapereka zaka zinayi, ndipo zimayamba tsiku limene munalandira katundu, osati tsiku limene munaona vuto. Mgwirizano ukhoza kuzichepetsa mpaka chaka chimodzi. Tsiku loyambiralo limasintha ngati walantiyo ikunena mosabisa za mmene katundu adzagwirire ntchito m'tsogolo.

Wachitatu ndi kakhadi kaja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamwamba palembedwa zaka zitatu ndi zilembo zazikulu, koma m'munsi mumapeza kuti akungolonjeza za zipangizo ndi kapangidwe ka m'fakitale. Makhoti ambiri amati mawu amenewa sakhudza vuto la pulani yeniyeni ya katunduyo. Ndiye kuti ngati makina anu okha ndiwo anatuluka olakwika, mwapambana. Ngati onse a mtundu umenewo ali ndi chilema chomwecho, kampani imati amenewo ndi mapulani, walanti siyifikako. Zimamveka zopotoka, koma ndi mmene zilili. Komanso vuto likaonekera nthawi ya walanti itatha, ngakhale linabisala m'katimo kuyambira tsiku loyamba, makhoti ambiri sathandiza. Mlandu wa Daugherty v. American Honda wa mu 2006 ku California ndi umene maloya a makampani amakonda kutchula. Kakhadi komweko kamathanso kunena kuti chithandizo chanu ndi kukonza kapena kusinthitsa basi. Ndime 2-719 imalola zimenezo, koma imati chithandizocho chikalephera ntchito yake, monga galimoto imene yabwerera kugalaja kasanu pa vuto limodzi, mukhoza kufuna ndalama.

Kwa ife amene timatumiza katundu kumudzi pali kanthu kena. Mawalanti ambiri olembedwa amati amagwira ntchito m'dziko la America mokha, ndipo katundu wopangidwira magetsi a mavoti 120 akapsa pa 230 ku Lilongwe, limenelo si vuto la wogulitsa.

Ndalama zimene sayenera kusunga

Unjust enrichment tingoti kupindula mosayenera. Ndi ganizo lakale la makhoti a ku England, komwenso malamulo athu ambiri a ku Malawi anachokera. Mu 1760 Lord Mansfield anaweruza mlandu wa Moses v Macferlan, nati munthu amene wasunga ndalama zimene chilungamo chikuti abweze, azibweza ngakhale palibe mgwirizano woti atero. Agogo athu pabwalo la amfumu sakanadabwa nazo. Zofunika kuonetsa ndi zitatu: winayo wapindula, phindulo lachokera kwa inu, ndipo sichilungamo kuti alisunge.

Pongomva, njira iyi imakoma kuposa ya walanti. Siifuna lonjezo lolembedwa, siifuna kalata yodziwitsa, siifuna kuti mukangane za tanthauzo la mawu a palebulo. Pamene kampani sinanene bodza koma inangokhala chete pa vuto limene inkalidziwa, walanti ya mawu ilibe pogwira, pakuti kukhala chete si lonjezo. Apo ndi pamene maloya amatembenukira ku phindu losayenera.

Koma majaji amaiona ngati njira ya pamene lamulo lasiya mpata, osati msewu waukulu. Ku New York, mlandu wa Clark-Fitzpatrick wa mu 1987 unakhazikitsa kuti pakakhala mgwirizano wolembedwa wokhudza nkhani yomweyo, njira iyi yatsekeka. Choncho kakhadi ka walanti kamene kakukanizani chithandizo kangathenso kukutsekerani uku. Mu 2012, pa mlandu wa Corsello v. Verizon, wa eni nyumba amene kampani ya mafoni inakhomerera mabokosi ake pazipupa zawo osalipira, khoti lalikulu la New York linanena poyera kuti unjust enrichment si thumba lotayiramo milandu imene yalephera kwina. Ngati mlandu wanu wina uli wabwino, uwu ngwongobwereza. Ngati uli wofooka, uwu suuchiritsa. Ku Illinois khoti la apilo la Seventh Circuit linanena zofanana mu 2011 pa mlandu wa Cleary v. Philip Morris: ukatsamira pa cholakwa chimodzi ndi mlandu wina, umaima nawo n'kugwa nawo.

California ili pakati. Makhoti ake amati kumeneko kulibe mlandu woima pawokha wa dzina limeneli, koma mu 2015, pa mlandu wa Astiana v. Hain Celestial wokhudza zodzola zolembedwa kuti n'zachilengedwe, Ninth Circuit inati jaji akhoza kuuwerenga ngati pempho loti ndalama zibwezedwe, ndipo usathetsedwe kokha chifukwa ukufanana ndi ina. Ogula anasangalala kwa zaka zisanu. Kenako kunabwera Sonner v. Premier Nutrition mu 2020.

Mlandu umenewu ndi wofunika kuumvetsa. Unali wa chakumwa chotchedwa Joint Juice, chimene ankachitsatsa kuti chimathandiza m'mfundo za mafupa. Atalimbana zaka zinayi, patatsala miyezi yosakwana iwiri kuti mlandu uyambe kumvedwa, odandaula anachotsa okha pempho lawo la chipukuta misozi, n'kutsala ndi pempho loti ndalama zibwezedwe, madola 32 miliyoni omwewo. Anafuna kuti aweruze jaji yekha, osati gulu la anthu wamba la jury. Khoti linati m'makhoti a boma lalikulu munthu sapempha chithandizo cha mtundu umenewu pokhapokha ataonetsa kuti chipukuta misozi wamba sichingamukwanire, ndipo iwo anali nacho m'manja n'kuchitaya okha. M'khoti limenelo mlandu wonse unathera pomwepo. Pempho lija linali pansi pa malamulo a California oteteza ogula, koma kuyambira nthawi imeneyo majaji ambiri akugwiritsa ntchito chigamulochi pothetsanso milandu ya phindu losayenera.

Palinso funso la amene analandira ndalama zanu. Mlamu wanga analipira sitolo, osati fakitale. Zigawo zina zimafuna kuti phindu lichoke m'manja mwanu kupita kwa amene mukumusumirayo. Khoti lalikulu la Ohio mu 2005 linakana mlandu wa munthu amene anagula kompyuta yokhala kale ndi Windows n'kusumira Microsoft, ponena kuti iye sanagule kanthu kwa Microsoft.

Ndalama zake zimatuluka zingati

Pa walanti, ndime 2-714 imati mulandire kusiyana kwa mtengo wa katundu amene analonjezedwa ndi mtengo wa amene munalandiradi. Jekete yosalowa madzi ndi madola 180. Jekete wamba yofunda bwino koma yonyowa mwina ndi 110. Zanu ndi 70. Mukhoza kuwonjezerapo zina zimene zinawonongeka chifukwa cha vutolo, monga foni imene inanyowa m'thumba, ngati kakhadi sikanatseke zimenezo.

Pa phindu losayenera anthu amaganiza kuti alandira zonse. Kawirikawiri ayi. Jekete ija munaivala, inakufunditsani, choncho mbali ina ya ndalamazo wogulitsa anaipeza moyenera. Makhoti amabweza zonse pamene katunduyo alibiretu ntchito. Mapeto ake njira zonse ziwiri zimakumana pa nambala yofanana, ija maloya amati price premium, ndalama yapamwamba imene munalipira chifukwa cha bodzalo. Ndipo simulandira kawiri.

Ndiye n'chifukwa chiyani amalemba yonse? Kwathu timati mapanga awiri avumbwitsa, koma malamulo a makhoti a boma lalikulu, Rule 8(d), amalola kulemba madandaulo otsutsana m'chikalata chimodzi. Loya amati panali mgwirizano ndipo unasweka; ngati khoti lipeza kuti panalibe, ndiye kampani ibweze zomwe inadya. Kumayambiriro sadziwa umene upulumuke, makamaka pamene ogula achokera m'zigawo makumi angapo za malamulo osiyana.

Njira zina zimene zili m'chikalata chomwecho

Pa milandu isanu ndi umodzi ija, umene makampani amauopa kwambiri nthawi zambiri si iwiri takambiranayi, koma wa malamulo a zigawo oteteza ogula. New York, pa ndime 349 ya General Business Law, imapereka zimene mwataya kapena madola 50, chimene chili chachikulu. Chulukitsani ndi ogula miliyoni muone. Massachusetts, pa Chapter 93A, imalola kuchulukitsa chipukuta misozi kawiri kapena katatu ngati kampani inachita dala, koma imafuna kalata masiku 30 musanasumire. Lamulo la California la CLRA limafunanso kalata ya masiku 30 musanapemphe ndalama. Kalata yomwe ija.

Magnuson-Moss Warranty Act ya mu 1975 imathandiza pamene pali walanti yolembedwa. Imaletsa kampani yopereka walanti yotere kukana walanti yachibadwa, ija imati katundu azigwira ntchito imene katundu wotero amagwira. Imalolanso kuti mukapambana kampani ilipire loya wanu, n'chifukwa chake maloya a milandu ya magalimoto amaikonda. Koma kuti mlandu wa gulu ulowe nayo m'khoti la boma lalikulu pamafunika odandaula 100 otchulidwa maina ndi madola 50,000 pamodzi.

Mlandu wa gulu weniweniwo ukhoza kukhala chilichonse. Volkswagen itagwidwa mu 2015 ikubera mayeso a utsi, mgwirizano wa mu 2016 unafika madola 14.7 biliyoni, ndipo eni magalimoto pafupifupi 475,000 anapatsidwa mwayi woti kampani iwagule magalimotowo n'kuwonjezerapo madola pakati pa 5,100 ndi 10,000. Mbali inayo kuli Subway, kampani yogulitsa masangweji. Mu 2013 mnyamata wa ku Australia anaika pa Facebook chithunzi cha sangweji yotchedwa Footlong ili pa tepi, ikuonetsa mainchi 11 m'malo mwa 12. Mgwirizano umene unatuluka unapatsa maloya madola 520,000, ogula wamba osalandira kalikonse, ndipo mu 2017 Seventh Circuit inautaya ponena kuti ngwopanda phindu.

Ngati mwataya ndalama zooneka, monga pa filiji kapena matilesi, ndipo muli ndi lisiti ndi chithunzi cha lebulo, ine ndingasankhe khoti la milandu ing'onoing'ono pa walanti ya mawu. Simufunika loya; ku California malire ndi madola 12,500, mumzinda wa New York ndi 10,000. Phindu losayenera mungalitchule pamzere womaliza, koma musamangepo nyumba. Ndingalitsogoze pokhapokha palibe mgwirizano uliwonse: anakudulani ndalama kawiri, kapena munalipira chinthu chimene mgwirizano wake unapezeka wosavomerezeka. Musanachite chilichonse, werengani mawu aja munadina kuti mwavomera pogula pa intaneti. Kuyambira pa chigamulo cha AT&T Mobility v. Concepcion mu 2011, kampani ikhoza kukukanizani mlandu wa gulu n'kukutumizani kwa mkhalapakati wapadera, ngakhale kuti ndime zambiri zotere zimasiya khoti laling'ono lili lotsegula.

Mlamu wanga lisiti analipeza mu imelo, koma kapepala ka kumkono anakataya tsiku lomwe anagula, ndipo kalata sanalembepo. Tinawerengera limodzi: madola 70 amene mwina angawapeze payekha, kuchotsapo ndalama yolembetsera mlandu ndi tsiku limodzi losapita kuntchito. Anasankha kukhala m'gulu. Fomu ya pa intaneti inamufunsa tsiku logula, sitolo ndi nambala ya pa lebulo ya m'kati, imene anaiwerenga atatulutsa jekete ija m'kabati.

"Alamu, ndiye ndingoyembekeza?"

Ndinamuuza kuti alembe pa kalendala tsiku limene jaji adzavomereze mgwirizano wothetsa mlanduwo, chifukwa wina akachita apilo, ndalama zimatha kuchedwa chaka china.